Sixten Akana Mankhwala a Chiwindi

Sixten Rönnemo ndinagwira naye ntchito kuyambira tsitsi lake lili bii mpaka linachita mbuu, kenako n'kuyamba kusamuka pamutu. Iye anali pulofesa. Ine, Majken, ndinali wokonza maselo oti awaone. Labotale yathu inali pansanjika ya pamwamba m'nyumba ina ya kafukufuku ku Uppsala, ndipo tonse awiri tinakalambira pa kanthu kamodzi: maselo a m'kapamba amene amapanga insulini.

Ntchito yake inkayenda chonchi. Ndinkatola timagulu ta maselowa m'kapamba mwa mbewa, timagulu timene timati tizilumba, n'kutinyika mu utoto umene umawala ukakumana ndi kashiamu. Tikatero tinkalowa m'kachipinda kamdima, tizilumba pansi pa maikulosikopu, ife maso pakompyuta. Ndikathira shuga, maselo ankayamba kuphethira, ndipo mzere wa pakompyuta unkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati chifuwa cha mwana wogona. Sixten ankaupenyerera mzerewo monga anthu ena amapenyerera mpira, mpaka kumaulankhula.

Aliyense wolowa pakhomo pathu ankalandira ulaliki, ngakhale munthu wodzakonza mpope.

"Selo ili lili ndi zitseko ziwiri," ankatero Sixten, atamugwira mlendoyo pamkono kuti asathawe. "China ndi cha potaziyamu, chimakhala chotsegula. Shuga akachuluka, chimatsekeka. Chikangotsekeka, chinzake cha kashiamu chimatseguka. Kashiamu akalowa, insulini imatuluka, shuga wa m'magazi n'kutsika. Nkhani yonse ya munthu ndi imeneyo. Zina zonse zili m'thupimu ndi mipando ndi makatani."

Mankhwala amene ankawakonda kuposa onse anali glibenklamidi, kapiritsi kakale ka odwala shuga. Mankhwalawa sadikira shuga. Amangofika n'kukankha chitseko cha potaziyamu, gwa, kashiamu n'kukhamukira mkati. Sixten anawalembera nkhani zambiri m'magazini a sayansi, ndipo akamawatchula mawu ake ankafewa ngati akutchula chibwenzi cha ku sekondale.

Pa mipando ndi makatani zija, chimene ankachinyoza kwambiri chinali chiwindi. Ndipo chifukwa chake chinali ndi dzina: Gunnel Bjärkeby, pulofesa wa pansanjika ya pansi pathu, amene gulu lake linkafufuza chiwindi. Gunnel anali mayi wa kumpoto, wamtali, wouma thupi, wosawononga mawu. Akavomera chinthu ankangokoka mpweya ndi milomo monga amachitira akwawo, ndipo ukamva zimenezo kawiri pa tsiku ndiye kuti wacheza nawe. Magulu awiriwa tinkagawana chipinda chomwera khofi ndiponso firiji yaikulu imene inaima pakati pa masitepe. Nkhondo zonse zinkayambira pa ziwirizi.

"Chiwindi ndi thumba," ankatero Sixten pa khofi, maso ali kudenga. "Chimasunga, chimakhuthula. Ndani anamvapo kuti thumba lili ndi nzeru?"

Gunnel ankatafuna kaye, n'kumeza. "Munthu wopanda kapamba ndinamuonapo akukwera basi. Wopanda chiwindi sindinamuone."

Ankatero chaka ndi chaka, ndipo ophunzira atsopano ankaganiza kuti anthuwa amadana. Ife akale tinkadziwa kuti Gunnel akapita kumsonkhano wa kunja, Sixten khofi sankamukomera. Ankangozungulira ndi kapu m'manja ngati tambala wosowa womenyana naye.

Zinthu zinayamba kuoneka mu February, Lachiwiri la semla. Tsiku limenelo palibe wodwala, palibe wotanganidwa. Aliyense amapezeka patebulo kudikira semla yake, banzi lotukumuka ndi kirimu ndi phala la alimondi. Sixten chaka chilichonse ankadya awiri, n'kumayang'anitsitsa la munthu wodya mochedwa. Koma chaka chimenecho bokosi litafika pamaso pake, analikankhira kwa wotsatira.

"Ine ayi, zikomo."

Wina anatsamwa ndi khofi.

"Wadwala?" anafunsa Gunnel.

"Ndakhuta."

"Iwe unayamba wakhutapo?"

Sixten anatulutsa karoti m'thumba la jekete n'kuyamba kumukukuta ngati akumulanga. Masana amenewo mphekesera zinakwera ndi kutsika masitepe. Ena ankati walowa mpingo, ena ankati wapeza kachibwenzi. Ine ndinkamudziwa Viveka, mkazi wake, ndipo ndinawauza kuti munthu wokwatira mphunzitsi wa masamu sangabise chibwenzi mpaka Lamlungu.

Chinsinsi chinaululika chokha patangopita masiku ochepa. Ndinamupeza m'kachipinda kamdima akusinja kanthu koyera m'kamtondo kathu ka mankhwala. Anasungunula ufawo m'madzi, anasefa, n'kundipatsa.

"Thira apa."

"N'chiyani chimenechi?"

"Ingothira, Majken."

Ndinathira pa tizilumba. Tinadikira. Mzere unangoyenda chogona, osagwedezeka n'komwe, ngati msewu wopita ku Enköping.

"Waona?" anatero, mawu ali pamwamba. "Madzi! Madzi a pampope! Chitseko sichinamve n'komwe kuti pakhomo pali mlendo. Ndiye amenewa akuti ndizimwa ine, m'mawa ndi madzulo."

Ndinayatsa getsi. Patebulo panali kabokosi ka ku famase, dzina lake litamatidwa pamwamba. Metifomini.

"Sixten, uli ndi shuga?"

Anakhala pampando ngati wamasuka zomangira. "Khirisimasi itangotha. Ludzu losatha, usiku kumangodzuka ngati mlonda. Viveka anandikokera kuchipatala cha kudera kwathu. Usawauze a pansi."

Ndinamumvera chisoni, chifukwa nkhope yake inali ya munthu amene walumidwa ndi galu womulera yekha. Ndinamuuza kuti matendawa ali ndi anthu ambirimbiri, ndipo amakalamba nawo bwinobwino. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Matendawo ndilibe nawo mlandu. Maselo anga atopa, n'zomveka, ndawagwiritsa thangata ndi mabanzi zaka zambiri. Koma mankhwalawa, ukudziwa kumene amakagwira ntchito?"

Ndinkadziwa. Metifomini amapita kuchiwindi, kukachiuza kuti chichepetse shuga amene chimathira m'magazi. Ndinaluma mlomo.

"Seka, seka," anatero. "Moyo wanga wonse ndatumikira kapamba. Lero ndadwala, akundipatsa mankhwala a Gunnel."

Ndinaseka mpaka kugwira tebulo.

Nditapukuta misozi anandifotokozera mmene zinayendera ndi dokotala wake, mayi wachitsikana dzina lake Leila Darvishi. Sixten anamujambulira zitseko ziwiri zija papepala lopukutira m'manja, n'kupempha glibenklamidi. Dokotalayo anamvetsera mpaka kumapeto, anayamikira chithunzicho, kenako anamufunsa ngati amadya nkhomaliro tsiku lililonse pa nthawi yake.

"Ndiye unayankha chiyani?"

"Ndinati kawirikawiri."

"Bodza."

"Nayenso anati nkhope yanga ikutsutsa. Akuti munthu woiwala kudya, wopalasa njinga pachipale chofewa, mankhwala anga aja angamugwetse. Kundiuza ine zimenezo! Kuphunzitsa wansembe Atate Wathu!"

Ndinkaganiza kuti adandaula sabata imodzi n'kuzolowera. Koma Sixten ankaimba besi m'kwaya ya amuna, ndipo pambali pake pankaima mnzake wina, dokotala wa makutu amene anapuma ntchito kalekale koma cholembera mankhwala sanabweze. Sindikudziwa kuti anamunyengerera bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'mawa wina Sixten analowa akuimba mluzu, n'kundionetsa kabotolo ka glibenklamidi ngati munthu woonetsa chithunzi cha mdzukulu.

"Enieni. Tsopano zitseko zanga zikumva."

"Dokotala wako akudziwa?"

"Adziwa ndikamupititsira zotsatira."

"Nanga Viveka?"

"Viveka ndi wa masamu. Za kashiamu si zake."

"Uzidya, Sixten. Ukamwa amenewa uzidya."

"Majken, amene anakuphunzitsa zimenezo ndi ine."

Zinali zoona. Ndipo masiku oyamba zinayendadi. Ankadzibaya chala n'kumandionetsa kamakina koyezera shuga ngati ndamufunsa. Pa khofi anayambiranso kuputa Gunnel ndi mphamvu zatsopano, mpaka Gunnel anandifunsa pamasitepe ngati mphekesera ya chibwenzi ija inali yoona.

Kenako linafika Lachinayi lija. M'mawa tinalandira foni yochokera kuchipatala chachikulu kuti pali tizilumba ta munthu. Zotere sizichitika kawirikawiri. Munthu akamwalira, abale ake n'kuvomereza kupereka ziwalo, timaselo timene sitingaikidwe mwa wodwala timaperekedwa kwa ofufuza. Tikalandira mphatso yotere sitilankhula mokweza, ndiponso sitiichedwetsa. Sixten anachoka kunyumba atameza kapiritsi kake ndi khofi wopanda kanthu, anapalasa njinga m'chipale chofika m'akakolo kukatenga yekha kabokosiko, n'kubwera mphuno ili psuu, maso akuwala.

Nkhomaliro itakwana, fungo la supu wa nsawawa ndi mapankeke linakwera kuchokera kukantini.

"Tiye tikadye," ndinatero.

"Tsogola. Ndimalize ichi."

"Ndikubweretsere?"

"Mu labotale sitidya. Lamulo limenelo ndinalemba ndine."

"Ndiye ukatsike ndikabwera."

"Eya, eya."

Ndinadya mothamanga n'kubwerera. Ndinamupeza mumdima momwe ndinamusiya, ndipo za kutsika sanafune kuzimva, poti tinali titafika pamene ankadikira. Tizilumba tinali m'madzi a shuga wochepa kwambiri, ngati magazi a munthu wogona ndi njala, ndipo mzere unali phee pansi. Selo lanzeru likaona kuti shuga wachepa limakhala chete, chifukwa insulini siikufunika.

"Tsopano thira bwenzi langa," anatero.

Ndinathira glibenklamidi. Posakhalitsa mzere unanyamuka, kukwera ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya mkaka pamoto. Maselo anayaka onse.

"Taona! Shuga kulibe, koma kashiamu akulowabe. Safunsa munthu ameneyu, safunsa! Tsuka tione."

Ndinatsegula madzi oyera kuti atsuke mankhwalawo. Tinadikira. Mzere sunatsike.

"Sasiya," anatero Sixten, akuseka kaseko kachilendo. "Akagwira wagwira, ngati nkhupakupa. Waona, Viveka?"

"Ndine Majken."

"Ndikudziwa! Usandiuze dzina lako ngati ndine mwana."

Ukali umenewo sunali wake. Kenako anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kukwaya, mbali ya besi yokhayokha, bom, bom, bom, ndipo ndinamva kanthu kakugogoda pagalasi. Ndinayatsa getsi. Sixten anali atagwira bolopeni m'malo mwa kachubu kathu, akuyesa kuyamwira nayo madzi m'kabotolo. Nkhope inali mbuu ngati pepala, thukuta lili kamukamu mpaka kolala kunyowa, manja ali njenjenje.

"Sixten, tamvera. Shuga wako wagwa."

"Shuga ali pashelefu," anatero mwaulemu, n'kuloza.

Ankanena zoona. Pashelefu panali chibotolo cha shuga wathu wa kafukufuku. Ndinachitsitsa, ndinathira m'kapu ya madzi, ndinatakasa, n'kumufikitsira pakamwa. Iye anatseka milomo gwa, n'kutembenuzira mutu kukhoma.

"Ameneyo ndi wa maselo. Muno sitidya."

"Sixten, chonde!"

"Lamulo ndi lamulo."

Munthu wa chithupi ngati iyeyo sungamukakamize uli wekha. Ndinali nditagwira kale foni kuti ndiitane ambulansi pamene chitseko chinatseguka, Gunnel n'kulowa atanyamula kabokosi kochita chisanu. Anabwera kudzadandaula kuti katundu wathu walowanso m'shelefu yake m'firiji. Anali atangochokera kothamanga pachipale ndi matabwa kumapazi, monga ankachitira nkhomaliro iliyonse, chipewa chikadali kumutu. Anayang'ana Sixten, anayang'ana ine, anayang'ana kapu.

"Wamwa chiyani?"

"Glibenklamidi. Sanadye kanthu chidzukire."

Anakoka mpweya uja. Anaika kabokosi pansi, anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa timaswiti ta shuga timene othamanga amayenda nato. Anagwada patsogolo pake.

"Tsegula pakamwa, Sixten."

Iye anamuyang'ana nthawi yaitali. "Iwe ndiwe wa pansi."

"Eya. Tsegula."

"Muno sitidya."

"Uku si kudya. Ndi kafukufuku. Tikufuna tione ngati pulofesa amaphethira akathiridwa shuga. Majken, konzeka kulemba."

Sixten anaganiza, n'kugwedeza mutu ngati wamva mfundo yomveka. Anayasamula. Gunnel anamuikira kaswiti kamodzi, kenako kena, kenako kena, akumuuza kuti atafune, ndipo pamapeto kapu yanga ija anaimwanso yonse, poti tsopano inali mbali ya kafukufuku. Tinakhala pansi tonse atatu, Gunnel atamugwira dzanja, mpaka magazi anabwerera kumaso kwake, maso n'kuyamba kutizindikira.

Mawu ake oyamba anali akuti: "Mzere uja mwausunga?"

"Ndausunga," ndinatero, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti ndikulira.

Sixten anaona Gunnel, anaona dzanja lake m'dzanja la Gunnel, n'kulichotsa pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa galu.

"Ndili bwino tsopano. Tipitirize."

"Ukupita kuchipatala," ndinatero. "Wanena wekha pompano kuti mankhwalawa akagwira sasiya. Maswitiwa akatha m'magazi ugwanso."

Anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma maso ake anagwera pakompyuta. Mzere unali udakali pamwamba. Anapempha jekete lake.

Tizilumba ta munthu sitikanatisiya kuti tiwonongeke, choncho ine ndinatsala kumaliza ntchito, Gunnel n'kumutenga pagalimoto yake. Nditaweruka ndinawalondola. Sixten ndinamupeza pabedi, diripi ya shuga pamkono, atauzidwa kuti agona komweko. Gunnel anali pampando wa pakona akuwerenga nyuzipepala ya dzulo. Ndisanakhale n'komwe, Viveka analowa ndi chikwama cha zovala. Anali mayi wamfupi, magalasi olendewera pa chingwe. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kumuyang'ana mwamuna wake monga ankayang'anira ana obera mayeso.

"Ndimayesa m'nyumba mwathu mulibe mbewa," anatero. "Kani yaikulu ndimagona nayo."

"Viveka, ndikhoza kufotokoza."

"Ukangojambula zitseko, ndikumenya ndi chikwamachi."

Gunnel anapinda nyuzipepala. "Mbewa zathu zonse zili ndi chilolezo cha boma. Iyi ilibe."

Viveka anatembenuka. Akazi awiriwo ankangodziwana m'makutu.

"Ndiwe Gunnel wa thumba?"

"Ndine."

"Dzina lako ndi ndiwo kwathu. Palibe chakudya chamadzulo chimene chimatsika popanda iwe."

Anagwirana chanza pamwamba pa miyendo ya Sixten. Iye anayesa kudzikweza pa pilo.

"Koma muvomereze chinthu chimodzi. Mankhwala sanalakwe. Achita ndendende zimene ndinalemba."

"Inde, wapambana," anatero Viveka. "Wakhoza zonse. Gona."

"Ukudziwa chimene chakusunga kuyambira m'mawa?" anafunsa Gunnel akuvala chipewa. "Thumba. Lakhala likukhuthula shuga, insulini yako ikulikalipira kuti lisiye."

Sixten anatseka maso, kuyerekeza kugona. Viveka anakhala m'mphepete mwa bedi, anamuvula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya juzi. Anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Ine ndi Gunnel tinatuluka mwakachetechete.

Sabata yotsatira Sixten anabwerera kwa Dokotala Darvishi, Viveka ali pambali ngati wapolisi. Anandiuza kuti dokotalayo sanamukalipire. Anangolandira kabotolo kaja, anakaponya m'dirowa, n'kufunsa kuti, "Tiyambirenso?" Akuti chimene chinamupweteka ndi chimenecho. Akanakalipiridwa akanapeza poyankha. Dokotala wa makutu uja naye analandira foni ya Viveka, ndipo kuyambira pamenepo ankaima kumapeto ena a mzere wa besi.

Kuntchito nkhani inali itafika kale paliponse. Ophunzira anayamba kubisa mabanzi kuseri kwa makapu Sixten akalowa, mpaka iye anawakalipira kuti adye ngati anthu, chifukwa kununkhiza sikukweza shuga. Metifomini wake ankamwa, koma nkhope itakwinyika ngati akumeza msomali. Sixten ndi munthu amene sangameze chinthu osachimvetsa. M'mawa wina anavula chovala cha labotale, anakonza kolala, n'kundiuza kuti ndimuperekeze.

Tinatsika masitepe. Pa zaka zonse zimene ndinamudziwa, pansanjika ya Gunnel anali asanapondepo, moti anachita kufunsa njira. Anthu a pansi anasuzumira m'zitseko ngati mwalowa mphalapala yosochera. Gunnel tinamupeza patebulo lake.

"Ndabwera kudzafunsa," anatero Sixten, ataima ngati mwana wotumidwa kukabwereka mchere. "Mankhwala akowa amagwira bwanji ntchito? Osati za pakapepala ka m'bokosi. Zenizeni."

Gunnel anavula magalasi. "Amachepetsa shuga amene chiwindi chimapanga."

"Zimenezo ndikudziwa. Akafika pa selo amagogoda pati? Chitseko chake n'chiti?"

"Ena amati amafooketsa timalo topangira mphamvu m'selo. Ena amati ntchito yaikulu imachitikira m'matumbo. Tikukanganabe."

"Ndiye kuti simukudziwa?"

"Osati zonse."

Nkhope ya Sixten inawala kuposa maselo athu. "Anthu miyandamiyanda akumwa, inenso ndikumwa, ndipo simukudziwa! Majken, wamva? Zaka zonsezi akhala akuchita chiyani pansi pano?"

"Kudikira munthu wa maikulosikopu yabwino kuti atsike," anatero Gunnel. "Maselo a chiwindi nawonso amasewera ndi kashiamu. Unawerengapo."

"Ndinawerengapo. Sindinaone chifukwa choyang'anira."

Mawa lake Gunnel anakwera ndi kambale ka maselo a chiwindi, atakafunditsa ndi dzanja ngati kandulo pamphepo. Ndinawanyika mu utoto, tinalowa mumdima tonse atatu. Gunnel anathira mankhwala ofanana ndi timadzi timene thupi limatumiza kuchiwindi munthu akadzidzimuka. Kwa kanthawi kunalibe kanthu, ndipo ndinamva Sixten akukonza pakhosi kuti anene mawu. Kenako selo limodzi linawala, linazima, linakhala chete, n'kuwalanso. Lina linayankha chakumbali.

"Aulesi," ananong'oneza Sixten. "Kulankhula kamodzi, kenako kukhala duu. Akumpoto awa."

Gunnel anakoka mpweya.

"Koma kashiamu ameneyu akuchokera kuti? Sakuoneka ngati walowera pakhomo."

"Wambiri ndi wa mkati momwemo. Amasunga."

"Thumba m'kati mwa thumba," anatero Sixten, koma mawu ake analibe mbola. Anakokera mpando pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi la kompyuta. "Thiranso. Ayi, dikira. Majken, tili ndi metifomini wa kafukufuku, wosachita kusinja? Tiwanyikemo kaye tione ngati kaphethiridwe kasintha."

"Anthu anayesapo," anatero Gunnel.

"Anthu ake ati? Ndi maikulosikopu iti?"

Tsiku limenelo Sixten nkhomaliro anadya, chifukwa Gunnel anazimitsa yekha kompyuta n'kuima pakhomo mpaka iye atanyamuka. Kukantini anakangana kuyambira pa mzere wotengera mbale mpaka pa khofi, ndipo ophunzira a magulu onse awiri anakhala tebulo limodzi kwa nthawi yoyamba, kuti amve bwino.

Sixten ankayenera kupuma ntchito mu June chaka chomwecho. Tinali titayamba kale kunong'onezana za mphatso. Koma mu April anakapempha kuti atsale ndi katebulo kakang'ono, ndipo atafunsidwa kuti kakhale kuti, anayankha kuti kulikonse, ngakhale pansi. Ine ntchito inandichulukira, poti tsopano ndinkakonza maselo a magulu awiri, ndipo aliyense wa awiriwo ankandiitanira pambali kundiuza kuti mnzakeyo sakumvetsa.

Mitengo itayamba kuphuka, foni ya mu labotale inalira. Anali Viveka.

"Majken, ndiwe? Tandiuza, chiwindi chili ndi maselo angati?"

"Ambiri, Viveka."

"Angawamalize pofika August?"

"Ndikukayika."

Anausa moyo. "Kanyumba kathu ka kuchilumba cha Gräsö ndapenta ndekha. Mbatata ndabzala ndekha. Bwato lili pamtunda, likundiyang'ana. Munandibwezera mwamuna wamoyo, ndikuthokoza kwambiri. Koma ine ndinaitanitsa wopuma ntchito."

Ndinamuuza kuti mwamuna wakeyo ali pomwepo, ndikhoza kumuitana.

"Ayi, musiye. Ungomuuza kuti mkate wake wa nkhomaliro wausiya pa chishalo cha njinga yanga, ndipo ndikubwera nawo. Ndipanga iwiri. Gunnel amadya tchizi?"

Ndinati ndikafunse. M'kachipinda kamdima munkamveka besi ya Sixten, ikukwera, ikutsika, ndipo apa ndi apo liwu limodzi la Gunnel linkaidula pakati. Ndinaima pakhomo kudikira kuti mkangano upume ndifunse za tchizi. Ndinaima mpaka miyendo inatopa.